Mtendere ku Gaza, moto kwa agogo

Nyuwere yadutsa. Makombola aphulika, matayala apsa m'misewu, ndipo amene adachezera m'matchalitchi, m'maholo ndi m'masitediyamu akuyankhulabe ndi mawu osasa. Akuti tawoloka.

Ine ndili ndi mlandu ndi amene adatiwolotsawo.

Ndikunena aneneri a crossover. Aja a masuti onyezimira, oyenda pakati pa anyamata a zifuwa zotambalala, otchedwa Papa ndi anthu oti akadatha kuwabereka. Aja amene zikwangwani zawo zimayamba kupachikidwa m'misewu Novembala asanathe, chilichonse chikulonjeza kuti chaka chikubwerachi ndi chanu, ngati kuti chathachi, chomwe adakulonjezaninso, chidali cha aneba.

Mlandu wawo ndi uwu: atenga usiku umene munthu amayenera kudziyang'ana yekha, ausandutsa usiku wosaka adani. Akamaliza, amatseka ndi pemphero la mtendere wa dziko lonse lapansi, maso ali gwa.

Ndondomeko yake mukuidziwa. Madzulo kwaya ndi magitala. Ikamakwana 10 koloko, nambala za Airtel Money ndi Mpamba zayamba kale kuthamanga pa sikirini, nthawi yofesa mbewu. Cha m'ma 11 ndiye pachimake, nkhondo yauzimu. Mneneri avula jekete. "Aliyense amene adamanga tsogolo lako, moto! Amene adakhalira ukwati wako, moto! Amene akumwa ndalama zako usiku, asaone Malichi!" Khamu lonse likupondaponda pansi, likumenya mphepo ndi zibakera, ena akutchula maina chamumtima.

Kutatsala pang'ono kuti 12 ikwane, nyimbo ifewa. Tigwirane manja, abale. Tikumbukire Gaza. Tikumbukire Ukraine, Sudan ndi Congo. Ambuye, tontholetsani mfuti.

Ola lathunthu lofunira azakhali imfa, mphindi ziwiri zofunira dziko mtendere. Ndipo palibe amene akuona chachilendo.

Kodi Mulungu ameneyu tikumuyesa wogontha khutu limodzi? Amve za Gaza zokha, za azakhali zimudutse?

Mwambo wochezera usiku umenewu sadayambitse ndi iwo. Amethodisti a nthawi ya John Wesley ku England, m'zaka za m'ma 1700, ankachita michezo yotere, ndipo padabwera chizolowezi choti chaka chikamayamba munthu akonzenso pangano lake ndi Mulungu. Funso lake lidali lolasa mwini: ndakhala munthu wotani, ndalakwira ndani, ndisiye chiyani? Pa 31 Disembala 1862, anthu akuda ku America adachezera m'matchalitchi kudikira lamulo la Abraham Lincoln lomasula akapolo, lomwe lidayamba kugwira ntchito m'mawa mwake. Akatolika, kuyambira 1968, Papa Paul VI atakhazikitsa mwambowu, amasunga 1 Januwale ngati tsiku la mtendere pa dziko lonse.

Cholowa chonsecho ife tachithira m'timabotolo ta mafuta, tikugulitsana pakhomo la tchalitchi.

Pali mafunso amene simudzawamva pa zimkuzamawu za crossover. Ngongole ya ku banki mkhonde ija, imene amayi anzako akuvutika nayo chifukwa cha iwe, udzabweza liti? Mwana udabereka ku Ndirande uja wadya chiyani pa Khrisimasi? Ndalama za fetereza wobereketsa zidathera kubetcha mpira wa ku England, kodi ndi mfiti idakugwira dzanja? Mtsikana wantchito kunyumba kwako walandira malipiro a Disembala? Mkazi wako wabwera kumchezo atapaka zambiri kumaso, akubisa chiyani?

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti mwa amayi atatu aliwonse, mmodzi adachitidwapo nkhanza zapathupi chikwanitsireni zaka 15. Werengani mizere ya amayi mu holomo, mugawe nokha. Owamenyawo sali ku Moscow. Ambiri ndi amuna awo, ndipo ena ali pomwepo, manja ali m'mwamba, akupempherera Ukraine.

Mafunso otere sadzaza basiketi ya chopereka. Munthu amene wauzidwa kuti vuto ndi iye mwini amapita kwawo ali chete, mwina osabweranso. Koma amene wauzidwa kuti vuto ndi mdani wobisika amabweranso Lachitatu, Lachisanu ndi Lamulungu, chifukwa mdani wobisika satha. Akafa uyu, mneneri aona wina. Bizinesi yonse yagona pamenepo.

Buku limene amanyamulalo limaphunzitsa kuti wokhala ndi mangawa ndi m'bale wake ayambe wakayanjana naye, chopereka chidikire. Mudaonapo mneneri atabweza envelopu, n'kuuza mwini wake kuti pita kaye ukapepese mayi ako? Envelopu imalandiridwa ngakhale ichokere m'dzanja limene langomenya kumene mkazi.

Matendawa afalikira mpaka kwa amene sapondako kutchalitchi. Tsegulani Facebook kapena masitetasi a WhatsApp sabata yoyamba ya Januwale. Aliyense akulengeza kuti chaka chino adula anthu oipa m'moyo mwake, a nsanje, a kaduka, ofuna kumugwetsa. Aliyense. Ndiye oipawo ali kuti, poti tonse ndife odula? Sindinaonepo wolemba kuti chaka chino ndisiya kukhala munthu amene anzanga akuyenera kumudula.

Agogo athu adaziona kale izi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kudabuka a mchape, kuchokera kuno ku Nyasaland mpaka kukafika kwa Abemba ku Zambia ya lero. Ankandandalitsa mudzi wonse, anthu n'kumadutsa mmodzimmodzi, wa mchape akuwayang'ana pa kagalasi kuti aone mfiti. Galasi, chinthu chopangidwira kuti munthu adzione yekha, iwo ankaonera anzawo. Mneneri wa crossover ndi wa mchape yemwe uja, wangosintha zovala n'kugula jenereta.

Ndipo mdani amene mu holo alibe nkhope, amapeza nkhope munthu akafika kwawo.

"Ndikuona mayi wachikulire kumudzi kwanu. Sakondwa ukamabwera utavala bwino." Ndalandira, Papa! Ndani m'Malawi muno alibe mayi wachikulire kumudzi kwawo? Ulosi wotere ngakhale kondakitala wa minibasi akhoza kukupatsani pamodzi ndi chenje. Koma mnyamata amene ntchito idamuthera, kapena mayi amene wapita padera kachitatu, saseka ayi. Wamva dzina, ngakhale silidatchulidwe. Mawa asiya kutumiza ya sopo. Mkuja auza abale ake pa gulu la WhatsApp la banja. Tsiku limene maliro adzagwe m'mudzimo, mlandu udzakhala utazengedwa kale, kudzangotsala chilango.

Mu Januwale 2016, patangopita masabata ochepa dziko litawoloka ndi mapemphero, mphenzi idapha mtsikana wa zaka 17 ku Neno. Mphenzi, m'dzinja, m'dziko limene mphenzi imapha anthu chaka ndi chaka. Anthu a m'mudzimo adagwira okalamba anayi n'kuwapha, ati ndiwo adaitumiza. Anayi, tsiku limodzi. Mu Disembala 2022 tidaonera pa mafoni kanema wa ku Mzimba, amayi okalamba akukankhidwa pamanda, akukakamizidwa kukwirira okha maliro, khamu likuonerera, wina akujambula.

Sindikunena kuti mneneri wakutiwakuti ndiye adanyamula mpini ku Neno. Gulu lopha munthu silidikira kulamulidwa. Limangofuna wina wolemekezeka amene wakhala akulibwerezera chaka ndi chaka kuti palibe imfa yopanda mwini, palibe umphawi wopanda woutumiza, ndipo woutumizayo ayenera kufa. Kale phunziro limeneli ankapereka ndi asing'anga, kuseri kwa mudzi, monong'ona. Lero likuperekedwa pa wailesi yakanema, Baibulo lili m'manja, nduna itakhala kutsogolo.

Ndikumva kale wina akuti, "Ufiti ulipo, iwe sukulu yakuwononga."

Chabwino, tisakangane zimenezo lero. Tingoti ulipo. Mundiyankhe ichi chokha: bwanji mfiti nthawi zonse imakhala nkhalamba yosauka, yamasiye, yopanda mwana woiteteza? Mudamvapo gulu litapita ndi miyala ku Area 10 kapena ku Nyambadwe kukagenda mfiti ya mpanda wa njerwa ndi agalu? Ufiti wake ndi wotani, wotha kukwera lichero kukafika ku Joni usiku umodzi, koma wolephera kugulira mwini wake ndowa ya chimanga mu Febuluwale?

Nanga bwanji kawirikawiri mfitiyo imakhala ndi munda wachonde, kapena dimba la m'mbali mwa mtsinje, limene adzukulu akhala akulisirira? Gogo akathamangitsidwa, munda suthamangitsidwa nawo. Mvula yotsatira mudzaupeza wolimidwa bwinobwino, ndipo olimawo saopa kuti muli nsupa.

Funsani a chipatala za matenda oiwala amene amabwera ndi ukalamba. Gogo amadzuka pakati pa usiku, kutuluka osavala, kusochera, m'mawa n'kupezeka pakhomo pa eni, osadziwa ngakhale dzina lake. Munthu ameneyu akufunika bulangete ndi womuperekeza kwawo. Ife timati wagwa pa ndege. Tikamuzungulira ndi zibonga n'kumufunsa ngati amatamba, amavomera, monga angavomere chilichonse. Kenako timati waulula yekha.

Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba, ndipo bungwe la MANEPO limalira chaka chilichonse za okalamba ophedwa powaganizira ufiti. Pa crossover iti mudamva akuwapempherera? Pa crossover iti mudamva mneneri akuti, amene wakhudza nkhalamba chaka chino asadzapondenso pano?

Kupempherera Ukraine sikulanda munthu kanthu. Putin sapemphera kutchalitchi kwanu, sapereka chakhumi, sangakwiye n'kusamukira kwa mneneri wina. Gaza sidzakufunsani kuti mudali kuti tsiku lija. Nkhondo yakutali ndi yokoma kuitchula chifukwa mwa opempherawo mulibe amene angachite manyazi.

Tsono tiyang'ane mzere wakutsogolo, pa masofa paja, pomwe pamakhala olemekezeka.

Pa 19 Julayi 2011 anyamata a chipani cholamula adazungulira mumzinda wa Blantyre pa magalimoto a chipani, akuonetsa zikwanje, dzuwa likuswa mtengo. Pa zionetsero zimene zidayamba m'mawa mwake mudafa anthu 20, ambiri ndi zipolopolo za apolisi. Mu Meyi 2020, ku Area 24 mu Lilongwe, anthu adaponya bomba la petulo pa ofesi ya chipani china momwe munkagona banja, ndipo atatu a banja limenelo adafa ndi mabala a moto. Mu Juni 2025, boma litasintha, mtundu wa nsalu utasinthanso, anthu a zikwanje adavulaza wotsogolera zionetsero mu Lilongwe momwemo, apolisi ndi asilikali ali chilili.

Zikwanje sizidzigula zokha. Anyamata aja pali amene amawapatsa galimoto, mowa ndi ya m'thumba. Koma mneneri amene amatha kuona nambala ya foni yanu, dzina la agogo anu ndi ndiwo zimene mudadya Lachiwiri, maso ake auzimu amachita khungu akafika pa masofa. Pamenepo amangoona mipando. "Ndikuona mukukwera, bwana." Chikwanje sadachionepo ngakhale chimodzi.

Mfiti ya ku Neno amaiona ali ku Lilongwe. Wandale amene wakhala pamphuno pake, ayi, masomphenya amakana.

Akuti tipempherere Congo. Congo ili ku Dowa, abale. Msasa wa Dzaleka, womwe udali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, udatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000. Lero muli oposa 50,000, ambiri a ku Congo, ena a ku Burundi ndi Rwanda. Mu Meyi 2023 apolisi adasesa m'makwalala a Lilongwe, kugwira othawa kwawo mazanamazana amene ankadzidyetsa okha ndi timashopu, ena ndi ana omwe, n'kukawatsekera ku Maula asanawatumize ku Dzaleka. Ambiri adawomba m'manja, ati Maburundi atilanda bizinesi. Patatha miyezi 7, manja omwewo adali m'mwamba, akupempherera Congo.

Timakonda munthu wa ku Congo akakhala ku Goma. Akatsegula shopu ku Mchesi, chikondi chatha.

Alipo amene ali ndi ufulu wotchula Congo. Ndi mabanja a asilikali athu 6 amene adafa ku Beni mu Novembala 2018, ndi a enanso 3 amene adafa mu Januwale 2025 pomwe zigawenga za M23 zinkalanda Goma. Alipo amene ali ndi ufulu wotchula Mozambique. Ndi anthu a ku Nsanje amene mu Disembala 2024, iwo eni ali pa njala ya chilala, adalandira masauzande othawa zipolowe za pambuyo pa chisankho kutsidya. Palibe amene adawapachikira chikwangwani.

"Ndiye ukuti tisiye kupemphera?"

Ayi. Dziko lino lakhala likupempha mtendere pa asembule ya sukulu iliyonse kuyambira 1964, pakuti nyimbo ya fuko imene adapeka Michael Sauka ndi pemphero. Tinkaiimba mu 1972, a Mboni za Yehova akuthawira ku Zambia, nyumba zawo zikupsa. Tinkaiimba mu Meyi 1983, pomwe Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adaphedwa ku Mwanza, ife n'kuuzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Pemphero lidalibe vuto. Chimene chidasowa ndi munthu woima pa guwa n'kunena mokweza zimene aliyense ankazidziwa.

Anthu otere adapezeka pa 8 Malichi 1992. Kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ikunena za malipiro a umphawi, za omangidwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha amene adatseka anthu pakamwa. Nkhondo zakutali zidalipo chaka chimenecho, koma iwo adaloza pakhomo pathu. Boma lidati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo udali mlandu. Maepiskopi adakafunsidwa kupolisi. Malo osindikizira mabuku ku Balaka adatenthedwa. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapitikitsidwa m'dziko. Patatha miyezi 15, pa 14 Juni 1993, Amalawi adavota pa riferendamu n'kusankha zipani zambiri.

Chaka chomwecho cha 1992, pa 4 Okutobala, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasainirana pangano ku Rome, kutseka nkhondo ya ku Mozambique imene idathamangitsira kuno anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Mwa amene adawakhazika pansi mudali anthu opemphera, a gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Adayamba mu Julayi 1990. Zaka ziwiri ndi miyezi, kukhala m'chipinda chimodzi ndi anthu odana, kumva zonyansa za mbali zonse, kubwerera chimanjamanja, kuyambiranso. Sadafuule moto pa Dhlakama. Sadauze Chissano kuti azakhali ake ndiwo amanga Mozambique.

Anthu amenewo adapemphera, ndipo pemphero lawo lidawatayitsa tulo, ufulu, ena dziko lokhalamo. La pa crossover limatayitsa omvera okha. Mneneri amatuluka atapindula.

Ngakhale kumudzi timadziwa kuti mtendere uli ndi mtengo. Wolakwa amakhala pansi pabwalo, mfumu ndi nduna zake zikumva, avomere ndi pakamwa pake, apereke nkhuku kapena mbuzi, kenako anthu adyere pamodzi. Banja likagwedezeka ankhoswe amayenda mtunda, amakhala pa mphasa mpaka miyendo kuchita dzanzi. Palibe nkhoswe imene imaimirira pa chulu n'kulengeza kuti mabanja onse a pa dziko lapansi akhale pa mtendere, kenako n'kupempha ya thiransipoti.

Ena adzati, anthu ndi ovutika, asiyeni apeze chiyembekezo usiku umodzi. Apa ndiye pamandiwawa kwambiri.

Ndikudziwa chimene chimadzaza masitediyamu. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Achinyamata akuyenda ndi madigiri m'zikwama, nsapato zatha. Januwale amabwera ndi fizi, lendi, fetereza ndi nkhokwe yopanda kanthu. Munthu wotere akakhala pa mzere kuyambira masana kuti alowe mu sitediyamu, ine sindimuseka.

Koma kwacha sadagwetse ndi azakhali ake. Mankhwala m'chipatala sadabe ndi agogo ake. Kumuuza kuti umphawi wake ndi temberero la kumtundu ndi kumubera kawiri. Poyamba mwamulanda ndalama ya mbewu, imene ikadagula mbewu yeniyeni. Kachiwiri mwamulanda mkwiyo wake, umene ukadapita kwa khansala, kwa phungu, kwa nduna, n'kuulozetsa kwa nkhalamba yogona m'nyumba yodontha. Mukuganiza kuti olemekezeka amakonderanji masofa aja? Wandale alibe mlonda wabwino woposa mneneri amene amauza anthu kuti njala yawo ndi yauzimu.

Chimenecho si chiyembekezo. Munthu walowa ali ndi mavuto, watuluka ali ndi mavuto omwewo, kuwonjezerapo mdani, kuchotserapo ndalama.

"Koma si onse." Zoona. Alipo abusa, ansembe ndi mashehe amene amalera ana amasiye, amayendera odwala, amabisa okalamba m'nyumba zawo gulu likawasaka. Alipo ngakhale m'mipingo ya chipentekoste amene amanyansidwa ndi malonda awa. Koma kunyansidwa chamumtima sikudapulumutsepo munthu. Ali kuti pamene mnzawo wa suti akulosera imfa pa wailesi? Amaopa kuti adzawanena kuti ndi nsanje? Kapena amaopa kuti akhristu awo, amene Lamulungu m'mawa amakhala kwa iwo koma Lachisanu usiku ali kwa Papa, adzasankha Papa?

Mipingo yakale isaseke, anyani amasekana zikundu. Pa mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene adaphedwa mu 2018, khoti lidapeza olakwa anthu 12 mu 2022, ndipo pakati pawo padali wansembe, wapolisi ndi wachipatala. Mkanjo sutsuka munthu. Ndipo gogo amene akunenedwa ufiti uja nthawi zambiri si mlendo kwa iwo. Wavala yunifolomu ya Mvano kapena ya Chigwirizano kuyambira ali mtsikana, wasesa tchalitchi, waphika pa maliro a aliyense. Tsiku limene anyamata azungulira nyumba yake, akulu a mpingo amakhala otanganidwa. Amapezeka mkuja, Baibulo kukhwapa, kudzalalika pa maliro ake kuti tonse ndife alendo.

Mabungwe a mipingo amadziwa kulemba makalata. Amalemba za chisankho, za katangale, za kusowa kwa mafuta a galimoto, ndipo amachita bwino. Alembe imodzi yonena za m'nyumba mwawo momwe, yoti kulozera munthu ufiti pa guwa ndi tchimo, kupempherera m'bale imfa ndi tchimo, ndipo mkhristu amene wagenda nkhalamba adulidwe monga amadulira mtsikana wotenga mimba. Pa mtsikanayo sachedwa. Mphamvu yodula ali nayo, amangosankha pogwiritsa ntchito.

Ndipo iyi si nkhani ya mipingo yokha. Lamulo la za ufiti la 1911, la atsamunda inde, koma likugwirabe ntchito, limaletsa kumwetsa anthu mwabvi, limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, limaletsanso ntchito yosaka mfiti. Silinena kuti wovala suti asakhudzidwe. Sing'anga wa kumudzi akanena kuti uje ndiye wapha mwana, apolisi amadziwa kolowera. Mneneri akanena zomwezo pamaso pa makamera, umboni n'kutsala pa Facebook kuti aliyense aone, apolisi amabwera kudzalondera magalimoto a alendo ake. A MACRA, amene amapereka ziphaso kwa nyumba zoulutsira mawu, nawo ali ndi makutu.

Adzandiopseza kuti munthu wa Mulungu sanenedwa. Gogo wa ku Neno adali wa ndani?

Inu amene mudajambula pa foni ulosi wonena kuti mayi anu, apongozi anu kapena agogo anu ndi mfiti, musaufufute. Pitani nawo kupolisi, mukatchule dzina la mneneriyo, malo ndi tsiku, ndipo mukapemphe kuti alembe.